Kunja sikuyambira pa eyapoti

Mu Lusaka muno mau akuti "kunja" tinawacepetsa kwambiri. Mukamva wina mu minibasi akuti mwana wa aneba ake ali kunja, palibe amene aganizira za Lilongwe, Mbeya kapena Bulawayo. Maganizo athamangira ku London, ku Dubai, ku America, kumene munthu apita pa ndeke atavala jekete yatsopano, abale khumi atamuperekeza pa eyapoti kukajambulitsa. Ndiye cifukwa cake mnyamata wa ku Matero kapena mtsikana wa ku Chawama akamva za kukaona maiko ena angoseka, ati "izo ni za ma apamwamba." Nkhani yathera pomwepo, kondakita apitiriza kutolera ndalama zake.

Ine ndikana. Tengani mapu muone. Dziko lathu lazunguliridwa ndi maiko 8, ndipo ku Malawi, Tanzania, Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi Mozambique, Mzambia wokaceza alowa ndi pasipoti cabe, popanda viza. Kucoka pa Intercity kufika pa Chirundu sipakwana makilomita 150. Munthu angamwe tiyi ku Kabwata m'mawa, masana n'kudya sadza ku Zimbabwe. Amene apita ku Kasama kukaona agogo ake pa Khrisimasi ayenda mtunda wautali kuposa amene apita ku Lilongwe. Koma wa ku Kasama uja sitidabwa naye. Wa ku Lilongwe timufunsa kuti ndalama wazipeza kuti.

Amene munafikako ku Livingstone munawaona anyamata ndi atsikana acizungu aja, cola cacikulu kumsana, kena kakang'ono pacifuwa, mapatapata kumapazi, khungu lofiira ndi dzuwa. Ambiri a ife tiyesa kuti ndi olemera cifukwa ndi azungu. Ena ndi olemeradi. Koma muyang'anitsitse mmene akhalira. Agona anthu 8 kapena 10 m'cipinda cimodzi, pa mabedi osanjikiza monga ku sukulu ya boding'i. Aphika okha m'khichini ya onse. Acapa kabudula mmodzi yemweyo madzulo, m'mawa avalanso. Akangana ndi wa takisi cifukwa ca K10. Kunena zoona, moyo umenewo ndi womwe wophunzira wa pa koleji akhala caka cathunthu mu ka cipinda ka lendi ku Kalingalinga. Kusiyana kwake n'kwakuti mzungu uja akadzuka m'mawa ali m'dziko lina. Kugona mopanikizana ndi kudya zocepa ife tinazolowera kale. Cimene sitinayese ndi kucita zimenezo kwinaku tikuona dziko.

Koma sindifuna kuti titengere kwa iwo. Aphunzitsi eni-eni tili nao pafupi. Fikani pa Intercity kusanace, kapena pa COMESA Market, muone amai a malonda ndi maukwa ao. Amai awa apita ku Nakonde, ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kangapo pa caka, ena mwezi uliwonse. Sanaikepo cithunzi pa Instagram kuti tiwacemerere. Koma afunseni. Adziwa basi imene ifika pa boda nthawi yabwino ndi imene ikugonekani panja. Adziwa nyumba ya alendo ku Kariakoo imene ili ndi madzi ndi loko wolimba. Adziwa wosintha ndalama amene sapinda manoti powerenga. Ndalama zao sazisunga pamalo amodzi: zina m'kacikwama, zina pa mfundo ya citenge, zina kumene inu ndi ine sitiyenera kufunsa. Mmodzi wa iwo akakhala pafupi nanu m'basi, musaike zomverera nyimbo m'makutu. Perekani moni bwino-bwino, "muli bwanji amai, ulendo wa kuti?", muwathandize kukweza katundu. Pofika pa Serenje mudzakhala mutaphunzira zimene intaneti singakuuzeni, ndipo mwina akugawiraniko ntchafu ya nkhuku.

Maphunziro ena muli nao kale, inu amene muwerenga izi mutathinana anai pa mpando wa anthu atatu. Mudziwa kuti mtengo ufunsidwa usanakwere. Mudziwa kuti ng'wang'wazi akati "yasala mmodzi, yayenda!" ndiye kuti mukhala pamenepo theka la ola, ndipo ena mwa amene akhala m'katimo si apaulendo, angodzazitsa mipando. Mudziwa kuti foni siiseweretsedwa pa windo pa Lumumba, ndi kuti cenji ikumbutsidwa kawiri musanaseluke. Mzinda uliwonse wa kuno kwathu uyenda motero. Ku Dar es Salaam minibasi aicha daladala, kondakita ndi konda. Ku Harare ndi kombi, woitanira anthu ndi hwindi. Ku Johannesburg uimika takisi ndi zala, ndipo cala colozera kumwamba ndiye kuti upita m'tauni. Maina asintha, macitidwe ndi amodzi. Mlendo wocokera ku Ulaya afika pa sitesheni ya mabasi ya ku Africa mutu uzungulira. Inu mufika monga munthu wobwera kwao kwa amalume.

Ulendo umene ine ndiuika patsogolo pa yonse ndi wa sitima ya TAZARA. Njanji imeneyi ndi ya makilomita 1,860 kucoka ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam. Inabadwa cifukwa ca mavuto. Azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha ufulu mu 1965, mkuwa wathu unalibe njira yodalirika yopita ku nyanja, ndipo a Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere anapempha China kuti iwathandize. Nchito inayamba mu 1970 n'kutha mu 1975. Zimenezi tinaloweza ku sukulu kuti tikhoze mayeso, koma ndi angati mwa ife amene anaikwerapo mpaka kumapeto kwake?

Sitima icoka pa New Kapiri Mposhi, idutsa Serenje, Mpika, Kasama, ifika pa Nakonde, iwoloka kulowa Tunduma. Kucokera pamenepo dziko liyamba kusintha pang'ono-pang'ono, ndipo ici ndico cimene wa pa ndeke saona. Ku Mbeya kuli mapiri ndi mphepo yozizira, amai a pa sitesheni agulitsa nthoci ndi mpunga pa windo. Pakati pa Makambako ndi Mlimba njanji ilowa m'mapanga obooledwa m'mapiri, ituluka, iyenda pa milatho yaitali, pansi pali cigwa cakuya coti ukayang'ana m'mimba mucita thii. Kenaka itsikira ku cigwa ca Kilombero kumene kutentha kukulandirani ndi manja awiri. Pafupi ndi mapeto idutsa m'mbali mwa nkhalango ya nyama imene kale inali Selous, tsopano mbali yake yaikulu ndi Nyerere National Park. Ikadutsa pamenepo dzuwa likali, mungaone nyamalikiti ndi mbidzi pa windo, zimene alendo ena alipira madola ambiri kuti akaone.

Papepala ulendowu ndi wa masiku awiri. Koma sitima iyi kucedwa ndi dzina lake lina, ndipo ndandanda yake isintha-sintha, nthawi zina imene iwoloka boda iimitsidwa. Conco pitani ku ofesi yao mukafunse nokha, musamvere za m'magulu a WhatsApp. Musaike cinthu cofunika pa tsiku limene muyembekezera kufika. Mukatenga malo ogona, dziwani kuti amuna ndi akazi agona m'zipinda zosiyana pokhapokha mutagula cipinda conse, cimene kwa mtsikana woyenda yekha ndi nkhani yabwino. Ndipo bedi la m'sitima ndi nyumba ya alendo imene simulipira payokha. Woyenda ndi ndalama zocepa awerenga motero: usiku uliwonse umene wagona uku uyenda ndi usiku umene sunalipire cipinda.

Sitima ikavuta, basi ilipo. Apa nzeru ya amai a malonda ndi iyi: nthawi zambiri cichipa kudula ulendo pa boda kusiyana ndi kugula tikiti imodzi yopitirira. Mukwera basi ya ku Nakonde, museluka, mudinditsa pasipoti, muwoloka wapansi, mukwera ya ku Tanzania pa mtengo umene eni dziko alipira. Cola cimodzi cikuthandizani pamenepa. Wa masutikesi atatu agwidwa ndi anyamata onyamula katundu asanatsike n'komwe.

Cinthu cimodzi cimene casiyitsa anthu basi ku Tanzania ndi nthawi. Coyamba, iwo ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Caciwiri, m'Ciswahili maola ayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka. 07:00 hours kwa iwo ndi "saa moja", ola loyamba. Conco wogulitsa tikiti akakuuzani kuti basi inyamuka "saa kumi na mbili", inu n'kumasulira kuti 12, mudzafika masana basi itapita kale-kale pa 06:00 hours. Muuzeni akulembereni pa tikiti, ndipo mufunsenso kuti ndi m'mawa kapena madzulo. Safunsa anadya phula.

Manje mwafika ku Dar es Salaam, ndipo pali nyanja. Ife a dziko lopanda gombe nkhani ya nyanja itikhudza mwa mtundu wina. Tili ndi Kariba, tili ndi Bangweulu, tili ndi Tanganyika ku Mpulungu, koma madzi amcere amene m'mawa athawa kutali, madzulo abwerera, ambiri a ife tiwaona pa TV cabe. Kuti muwakhudze simufunika hotela. Pa Kivukoni pali pantoni imene iwolotsa anthu kupita ku Kigamboni m'mphindi zocepa, mtengo wake wocepa kuposa wa minibasi ya ku tauni, ndipo kutsidyako kuli mcenga ndi mafunde. Cakudya muzidya kumene adya oyendetsa njinga zamoto ndi makonda, kwa amai ophika m'mbali mwa mseu: mpunga wa nyemba, kapena chipsi mayai, amene ndi machipisi okazingidwa pamodzi ndi mazira. Mukhuta, thumba silimva kuwawa.

Zanzibar ndiye msampha wa ulendo woyamba. Aliyense afuna cithunzi ca kumeneko. Ndi malo okongoladi, ndipo Stone Town ili ndi mbiri yolemera. Koma pa boti mlendo alipira kuposa mwini dziko, zipinda zikwera mtengo, ndipo kuyambira mu October 2024 boma la kumeneko linaika inshuwalansi ya madola 44 kwa alendo ocokera kunja. Masiku awiri pa cisumbu angadye ndalama za sabata yathunthu kumtunda. Ngati thumba ndi lopyapyala, ine ndingati pitani ku Bagamoyo, tauni yakale ya m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Dar es Salaam, kofika pa basi wamba. Kumeneko ndi kumene inali kuthera njira ya akapolo ndi minyanga yocokera mkati mwa Africa. Ndipo pali cingwe cimene cimanga tauni imeneyo ku dziko lathu. David Livingstone atafera kwa Chitambo mu 1873, Susi ndi Chuma pamodzi ndi anzao ananyamula mtembo wake wapansi mpaka anafika ku Bagamoyo mu 1874, miyezi ngati 9 ali m'njira. Mukakhala m'sitima mukudandaula kuti yacedwa maola 10, muwakumbukire amuna amenewo.

Amene aopa Ciswahili ayambire ku Malawi. Lusaka mpaka Chipata ndi makilomita ngati 570 pa Great East Road, kenaka Mwami, Mchinji, Lilongwe. Palibe womasulira afunika, ngakhale kuti mukangotsegula pakamwa n'kunena "manje nifuna kuyenda ku town" onse adziwa kumene mwacokera, ndipo aseka. Asekeni nanunso, ubale uyambira pamenepo. Kucoka ku Lilongwe mukwera ya ku Salima mufika pa Senga Bay tsiku lomwelo. Amene ali ndi masiku apite ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear, kumene malo ogona a anthu a zola kumsana ndi ambiri, ena alola ndi kukhoma tenti. Pa nyanjapo payenda sitima ya m'madzi ya Ilala kuyambira mu 1951. Cenjezo ndi limodzi: ndalama yao nayonso ndi kwacha, koma mphamvu yake ndi yosiyana kutali ndi yathu. Mukasintha mupatsidwa mtolo wa manoti, mumva ngati mwalemera. Musanayambe kugulira anthu mowa, werengani kuti mbale imodzi ya nsima ya chambo idya manoti angati.

Kum'mwera ndingodutsamo mwacangu. Pa Kazungula pali mlatho wa mamita 923 umene unatsegulidwa mu 2021, ndipo kutsidya ku Kasane njovu ziyenda m'mbali mwa mseu monga ng'ombe za ku Monze. Ku Zimbabwe nyamulani madola ang'ono-ang'ono cifukwa cenji ivuta, ndipo musabwerere musanaone mipanda ya miyala ya Great Zimbabwe pafupi ndi Masvingo. Namibia, podzera pa Katima Mulilo, ndi yokongola koma mitunda ndi yaitali ndipo zinthu ndi zodula. Imeneyo isiyeni ikhale ya ulendo wacitatu.

Linganizani zimenezi ndi "kunja" kuja kumene tilota. Kupempha cabe viza ya maiko a Schengen ndi mayuro 90 kuyambira mu June 2024. Muonetse mapepala a ku banki, kalata ya ku nchito, kumene mukagona, tikiti yobwerera. Akakukanani, ndalamazo zapita, simuzionanso. Mnyamata wa zaka 24 amene agulitsa mafoni pa Katondo Street, wopanda payslip, wopanda nyumba m'dzina lake, ndiye munthu amene viza yotere inapangidwira kumutsekereza. Apa m'pamene tisiyana ndi azungu a ku Livingstone aja. Iwo pasipoti yao itsegula zitseko zambiri, ndalama yao ikafika kuno icuruka, ndipo zikavuta aimba foni kunyumba. Nafenso mu Africa sitinathe kudzitsegulira tokha zitseko zonse. Pangano la African Union la mu 2018 lolola anthu kuyenda momasuka linabvomerezedwa mokwanira ndi maiko anai cabe. Atsogoleri akakumana akamba za umodzi, koma iwo sanaimepo pa mzere wa pa boda. Zimenezo n'zoona, ndipo zikwiyitsa. Koma khomo limene lili lotsegula kale, bwanji sitipitapo?

Ndidziwa funso limene lili pa milomo ya amai amene akhala kumbuyo kwa draiva. "Iwe mwana, anthu alibe ya unga, iwe ukamba zoyenda-yenda cabe?" Funso limeneli si lopusa ndipo sindilipeputsa. Wacinyamata wa muno akangoyamba kulandira kandalama, manja amene amuyembekezera ndi ambiri: lendi, mayuniti a magetsi, yunifomu ya mng'ono wake, mankhwala a agogo, maliro kumudzi. Kwa ife ulendo uyenera kukhala ndi cifukwa: ukwati, matenda, maoda, maliro. Ukanena kuti upita kukangoona, akuyang'ana monga wayamba kusokonezeka mutu, kapena ayamba kunong'ona kuti pali munthu amene akulipirira, maka-maka ukakhala mtsikana.

Yankho langa lili pawiri. Loyamba ndi lolimba: ngati ndalama ya ulendo icokera ku kaloba, khalani pansi. Ngati ndi ya lendi, kapena ya sukulu ya mwana, khalani pansi. Nyanja siithawa. Palibe cithunzi cimene ciyenera kuti mubwerere n'kupeza wa kaloba wanyamula firiji. Amene ayenda ndi nkhongole sasangalala n'komwe, foni ikalira mtima ugunda.

Laciwiri ndi lakuti tisanamizane, ndalama zina tili nazo, tingozitaya mosaona. Werengani zimene mnyamata mmodzi aika pa kubecha mpira pa foni mwezi umodzi. Werengani za pa Cisanu ndi pa Ciwelu ku bawa. Werengani zimene mtsikana alipira pa caka cimodzi m'makomiti a ma kitchen party, nsalu yofanana, tsitsi, nsapato zovala tsiku limodzi. Zimenezo palibe amene azicha kuononga, cifukwa onse acita. K20 pa tsiku kwa masiku 180 ndi K3,600. Anthu asanu ogwirizana angacite cilimba ca ulendo monga mmene amai a pa msika acitira ca mapoto, ndipo kuyenda awiri kapena atatu kucepetsa mtengo wa cipinda. Sindinena kuti aliyense angakwanitse. Alipo ambiri amene K20 imeneyo ndiyo ndiwo za tsikulo, ndipo kwa iwo nkhani ino ndi ya mtsogolo. Koma pali gulu lalikulu la acinyamata, aphunzitsi atsopano, manesi, ogulitsa m'mashopu, oyendetsa Yango, amene anena kuti "nilibe ndalama zoyendera" atagwira foni ya mtengo woposa ulendo wonse wa ku Dar es Salaam kupita ndi kubwera.

Nanga ubweza ciani? Anzathu Abemba ali ndi mwambi wao wa mwana wosayenda amene ayesa kuti amai ake okha ndiwo adziwa kuphika nsima. Ine cimene ndiona ndi cakuti woyenda abwera ndi mafunso atsopano pa mzinda wake. Ku Dar es Salaam kuyambira mu 2016 kuli mabasi aakulu amene awacha mwendokasi, oyenda mu mseu wao-wao pakati pa mseu waukulu, magalimoto ena saloledwamo. Ali ndi mavuto ao, anthu athinana koopsa ndipo nthawi zina adikira nthawi yaitali pa sitesheni. Koma munthu amene anakhalamo n'kuona basi ikudutsa mzere wa magalimoto oima, akabwerera n'kukhala ola lathunthu pakati pa Manda Hill ndi Kabwe Roundabout, saganizanso kuti jamu ndi cilengedwe ca Mulungu monga mvula. Ayamba kufunsa khansala mafunso ena. Ndipo zina abwera akuyamikira za kwao: aona kuti mtendere umene tiupeputsa, kukwera basi imodzi Mtonga, Mlozi, Mbemba ndi Mngoni n'kumanyozana mwa cimbuya, si kulikonse kumene upezeka. Enanso abwera ndi nzeru ya malonda imene sanapite kukaifuna.

Tsopano za ngozi, cifukwa walira mvula walira matope. Njira zomwezi zimene ndikucemerera ndi zimene apitamo anthu oipa. Munthu amene simumudziwa bwino akakuuzani pa Facebook kuti akulipirirani zonse, tikiti, pasipoti, malo ogona, ati kuli nchito ya mu hotela kapena ya pa kompyuta, dziwani kuti mudzabweza ndi cinthu cina coposa ndalama. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa kugulitsa anthu kuyambira mu 2008 cifukwa zimenezi zicitikadi. Pasipoti yanu igwiridwa ndi anthu awiri cabe, inu ndi ofisala wa pa boda amene ali pa windo lake. Wina aliyense wonena kuti "bweretsani nikudindisileni fast", mukaneni mwaulemu. Cimodzi-modzi ndi kaphukusi. "Sisi, ninyamulireniko aka, mulongo wanga azakulandirani ku Dar." Ayi. Olo akhale wa ku chalichi kwanu, atsegule muone zili m'kati, apo ayi apite nako yekha. Agalu a apolisi safunsa mwini wake, apeza amene wanyamula.

Ofisala akadinda, musangotseka pasipoti n'kuthamangira basi. Werengani masiku amene walemba, cifukwa nthawi zina apereka ocepa kuposa amene muyembekezera. Ku South Africa ukapitiriza masiku ako, olo ndi ocepa, uletsedwa kulowanso kwa caka cimodzi, ndipo ukapitiriza kuposa masiku 30 ciletso ndi ca zaka 5. Onaninso kuti pasipoti yatsala ndi miyezi yosacepera 6 isanathe. Kabuku kacikasu ka katemera kanyamuleni, pa maboda ena akafunsa. Posintha ndalama, sinthani zocepa pa boda zongokufikitsani m'tauni, muwerenge nokha m'manja mwanu musanapereke zanu, ndipo wosinthayo akazitenganso kuti "niwerengenso", yambani kuwerenga poyambira. Mukafika gulani SIM ya komweko, mutumize kunyumba dzina la malo amene mwagona. Ndalama yobwerera ikhale payokha, yosakhudzidwa, olo mutaona nsapato yokongola bwanji ku Kariakoo.

Za m'cola musavutike nazo. Zovala za masiku atatu zikwana, sopo alipo kulikonse. Citenge cimodzi, amuna nanunso, cifukwa ndico bulangete m'basi, thaulo pa nyanja, katani pa windo ndi pilo pa sitesheni. Ka loko kanu-kanu ka pa citseko, power bank, mankhwala a mutu ndi a m'mimba, fotokope ya pasipoti yoikidwa kosiyana ndi pasipotiyo. Jezi musaisiye, Mbeya usiku izizira. Nkhuku yokazinga ya m'njira muiike m'kabokosi ka cakudya, osati mu pulasitiki, cifukwa Tanzania inaletsa mapulasitiki onyamulira katundu mu 2019 ndipo pa boda angakuuzeni kuti muwasiye pomwepo.